Musanakwere boti kukasangalala kunyanja, konzekerani chonchi kuti muthe kupulumutsa mnzanu

Ikafika Khrisimasi, Isitala kapena Mother's Day pa 15 October, tonse timakhamukira ku Senga Bay, Cape Maclear, Nkhata Bay kaya ku Mangochi, ndipo timakonzekera bwino kwambiri za nyama yootcha, zakumwa ndi sipika ya nyimbo koma za ngozi ayi, timangoti Mulungu alipo. Ine ndinaonera pa msuweni wanga. Tinali anthu 9 m'boti la injini kuchoka ku Chembe, ku Cape Maclear, kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona nsomba za mbuna, iye atamwako pang'ono anadumphira m'madzi kuti atisonyeze kuti amatha kusambira, pasanathe mphindi ziwiri tinangoona mutu ukulowa ndi kutuluka osakuwa n'komwe. Titamukokera m'boti aliyense anali dokotala, wina akuti mufinyeni pamimba, wina akuti mugwireni miyendo mutu uloze pansi, ndipo malaifu jaketi onse anali pansi pa kula bokosi tawakhalira. Mwayi wake anali akupuma. Akanakhala kuti sakupuma palibe olo mmodzi mwa ife amene ankadziwa choyambira.

Pamadzi ambulansi sifika pomwe muli. Ola loyamba lonse dokotala ndinu nomwe muli m'botimo, nde tiyeni tione zoyenera kunyamula ndi zoyenera kuchita.

Zofunika kunyamula

Zopulumutsira munthu m'madzi:
- Laifu jaketi ya munthu aliyense, ndipo ana akhale ndi za saizi yawo
- Chingwe chotalika mamita 15 kapena 20, chomangirira ku chigubu chopanda kanthu cha malita 5 chotseka bwino, ichi ndiye choponyera munthu
- Nkhafi ziwiri ngakhale boti lili ndi injini, nangula, ndi chokapira madzi
- Wezulo, tochi, ndi foni yodzadza moto yokhala ndi mayunitsi, muiike m'kapepala ka pulasitiki kotseka

Za m'bokosi la chithandizo choyamba:
- Magolovesi mapeya angapo
- Gozi wambiri wotsekera mabala, mabandeji okulunga 4 kapena kuposa, ndi mapulasitala
- Zitenje ziwiri zochapa bwino, chitenje chimagwira ntchito ya bandeji, chokolekera mkono wothyoka, chofunda komanso mthunzi
- Sizasi, sopo, ndi mankhwala otsukira mabala
- Panado, mapaketi a Thanzi ORS, ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa
- Bulangete limodzi ndi zovala zouma
- Madzi akumwa, malita awiri pa munthu aliyense ngati mukhala tsiku lonse
- Cholembera ndi kapepala

Step 1: Kaphunzireni ndi manja anu, osati pa foni pokha

Malawi Red Cross Society ndi St John amaphunzitsa chithandizo choyamba, funsani ku ofesi yawo yapafupi kuti maphunziro otsatira ali liti, olo musonkhane a kutchalitchi kapena a kuntchito muwaitane adzakuphunzitseni pagulu. Chimene mukufuna kwenikweni ndi kugwada pansi n'kudinikiza chidole chija chophunzirira mpaka manja atope, chifukwa mphamvu yofunika podinikiza chifuwa cha munthu wamkulu simungaimve powerenga, ambiri tsiku loyamba amangosisita poopa kuthyola nthiti. Muwauze aphunzitsiwo kuti inu mumayenda pamadzi, akuonetseni bwino za munthu womira chifukwa zimasiyana pang'ono ndi za munthu amene wangogwa ndi mtima pamsika.

Chenjezo: pa ulendo uliwonse pakhale anthu awiri ophunzira. Akakhala mmodzi, nanga atagwera m'madzi ndi iyeyo? Ndipo zimaiwalika izi, pakatha chaka kapena ziwiri bwererani mukakumbutsidwe.

Step 2: Longedzani bokosi loti madzi asalowe

Musavutike kufuna bokosi lodula, kabekete ka pulasitiki ka chivindikiro chothina kakwana. Gozi ndi mabandeji muziike m'mapepala a pulasitiki payokhapayokha kenako m'kabeketemo, magolovesi ndi gozi zikhale pamwamba penipeni chifukwa ndi zimene mudzazifune manja akunjenjemera. Kamangirireni ndi kachingwe pampando pomwe aliyense akukaona. Amene ali ndi mphumu, shuga, khunyu kapena BP atenge mankhwala ake ndipo auze munthu mmodzi pomwe wawaika, si nkhani yochita nayo manyazi.

Step 3: Funsani za mphepo ndipo uzani munthu wa kumtunda

Nyanja ya Malawi imasintha nkhope msanga. Nyengo yozizira, makamaka June, July ndi August, kumaomba mwera wochokera kummwera ndipo mafunde ake amatha kugubuduza boti, a zanyengo amalengeza pawailesi za mwera ndiye mverani. Nthawi ya mvula kuli mpoto ndi ziphaliwali. Koma nzeru yachidule ndi iyi, yang'anani asodzi. Mukaona mabwato awo onse ali pamchenga dzuwa lili phwee, musadzione ngati ochenjera kuposa iwo, afunseni.

Mukatero uzani munthu amene akutsala kumtunda kuti mukupita kuti, muli angati, ndipo mubwera nthawi yanji, mumuuzenso kuti ikapitirira ndi ola limodzi ayambe kukusakani. Sungani mufoni nambala ya munthuyo, ya pamalo pomwe mwabwereka boti, ya apolisi apafupi ndi ya dalaivala amene angakudikireni pagombe. Dziwiranitu chipatala chapafupi, mukakhala ku Cape Maclear ganizirani za Monkey Bay, ku Senga Bay ndi Salima. Netiweki kuseri kwa zilumba imathawa, musadalire kuti mudzaimba zikavuta.

Step 4: Pagombe pomwepo, valani ndipo gawanani ntchito

Laifu jaketi ivalidwe boti lisananyamuke, zomangira zonse zitsekedwe. Muyeseni mwana pomunyamula ndi mapewa a jaketiyo, ikakwera mpaka kumakutu ndiye kuti yakula, m'madzi idzavuka yokha. Woyendetsa akati alibe okwanira kapena akufuna kukweza anthu opitirira muyeso, tsikani, ndalama yanu ndi yomweyo mupeza boti lina.

Kenako tengani mphindi ziwiri zokha kugawana ntchito, uyu ndi woponya chigubu, uyu ndi woloza munthu akagwera m'madzi, uyu ndi wa foni, awa awiri ndi a bokosi. Funsani mosabisa kuti ndani satha kusambira, amuna ambiri amanama apa. Mumufunsenso woyendetsa akuonetseni pozimitsira injini ndi mmene amaichotsera mugiya, kuti iye akagwa kapena kukomoka wina athe kuimitsa boti. Injini zambiri zili ndi kachingwe kofiira kamene amakoleka padzanja kuti akagwa injini izime yokha, kasamangolendewera, akavale.

Woyendetsa asamwe mowa, olo botolo limodzi. Enanu ngati mwamwa, kusambira kwatha tsiku limenelo.

Step 5: Munthu akagwera m'madzi

Munthu amene akumira sakuwa ngati m'mafilimu. Amakhala chiimirire m'madzi, mutu wapendekera kumbuyo, pakamwa pakulowa ndi kutuluka, manja akumenya madzi m'mbali, ndipo zimatenga nthawi yochepa kwambiri kuti azimirire.

1. Kuwani kuti wagwa munthu, woloza uja amuloze ndi chala osachotsapo maso olo kamphindi, pamafunde mutu wa munthu umasowa msanga.
2. Ponyani chigubu cha chingwe chija kapena chilichonse choyandama, ngakhale kula bokosi.
3. Woyendetsa atembenuke pang'onopang'ono n'kumuyandikira boti litaloza komwe mphepo ikuchokera, kuti mphepo isakankhire boti pamwamba pake.
4. Mukayandikira zimitsani injini. Pulopela, chitsulo chozungulira m'madzi pansi pa injini, imadula mwendo ngati chikwanje.
5. Mupatseni nkhafi agwire, mumukokere m'boti anthu awiri atamugwira m'khwapa, enawo akhale mbali inayo kuti boti lisapendekeke.

Chenjezo lalikulu: musadumphire m'madzi kukamutenga. Munthu womira amakwera pa chilichonse chimene wagwira, ndipo adzakwera pa inu, maliro n'kukhala awiri. Ngati palibiretu njira ina, apite wodziwa kusambira bwino atavala laifu jaketi, atenge choyandama choti amupatse ali patali.

Boti lonse likagubuduka musalisiye n'kuyamba kusambira kulowera kumtunda, gombe limaoneka pafupi koma lili kutali. Gwirani botilo, werenganani, imbani wezulo. Ofuna kukupulumutsani amaona boti msanga kuposa mitu ya anthu.

Step 6: Mwamuvuula koma sakuyankha

Apa ndi pomwe tonse timasokonezeka ndiye werengani kawiri. Munthu womira chimene chamusowa ndi mpweya, ntchito yanu ndi kumubwezera mpweya, osati kumuchotsa madzi.

1. Mugonekeni chagada pamalo olimba, pansi pa boti kapena pamchenga wouma, osati pamatilesi kapena pamiyendo ya munthu.
2. Mugwedezeni mapewa mukumuitana mokweza. Akapanda kuyankha, dzanja limodzi pachipumi, zala ziwiri pansi pa chibwano, pendeketsani mutu kumbuyo kuti njira ya mpweya itseguke.
3. Ikani tsaya lanu pafupi ndi pakamwa pake maso ali pachifuwa, kwa masekondi osapitirira 10. Ngati akungobanika mwa apo ndi apo ngati nsomba yoponyedwa pamchenga, kumeneko si kupuma, mutengeni ngati sakupuma.
4. Tsinani mphuno yake, phimbani pakamwa pake ndi panu, muuzireni mpweya kasanu, ulendo uliwonse ngati sekondi imodzi, mukuona chifuwa chikukwera. Chikapanda kukwera konzaninso mutu.
5. Ikani chidendene cha dzanja pakati pa chifuwa, dzanja linalo pamwamba, zigongono zowongoka, dinikizani ka 30, kulowa masentimita 5 mpaka 6, liwiro la ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndiye kuti pafupifupi kawiri pa sekondi. Muzilola chifuwa kubwerera mmwamba musanadinikizenso.
6. Uzirani kawiri, dinikizani ka 30, kawiri, ka 30, osaima. Muzisinthana pakatha mphindi ziwiri zilizonse chifukwa zimatopetsa zedi, ndipo wotopa amayamba kusisita osadziwa.

Pamene awiri akuchita izi woyendetsa alunjike kumtunda, wa foni aimbe kuti galimoto idikire pagombe. Kwa mwana gwiritsani dzanja limodzi, kwa khanda zala ziwiri ndipo pakamwa panu paphimbe mphuno ndi pakamwa pake pamodzi, kudinikiza kwake kulowe gawo limodzi mwa magawo atatu a chifuwa.

Adzasanza, ambiri amasanza, musanyansidwe n'kusiya. Mutembenuzireni chammbali, chotsani masanzi ndi chala chokulunga nsalu, mubwezeni chagada mupitirize. Thovu lotuluka pakamwa musatayirepo nthawi kulipukuta lonse, pitirizani kuuzira. Mukamva nthiti yathyoka musaime, nthiti imapola. Musiye pokhapokha wayamba kupuma bwino, afika achipatala, kapena nonse mwatheratu mphamvu.

Step 7: Akupuma, ndiye zatha?

Ayi sizinathe. Ngati akupuma koma sanatsitsimuke mugonekeni chammbali, bondo lam'mwamba lopinda, mutu wopendekera kumbuyo pang'ono pakamwa pataloza pansi kuti akasanza zisamutsamwe. Muvuleni zonyowa, mupukuteni, mufunditseni bulangete, ndipo munthu mmodzi akhale pambali pake kuyang'ana kupuma mpaka kuchipatala.

Msuweni wanga uja atatsitsimuka ankakana za chipatala, akuti ndili bhobho tiyeni tikaotche nyama. Osamvera zimenezo. Madzi akalowa m'mapapo vuto limatha kukula patapita maola angapo, ndiye aliyense amene anakomoka, amene munamuuzira mpweya, kapena amene akutsokomolabe, kupuma mothamanga, milomo yasintha mtundu kapena akuoneka wosokonezeka, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali china. Ngati munthuyo anadumpha chamutu pamiyala kapena pamadzi osaya, ngati mmene anyamata amachitira ku Otter Point ku Cape Maclear, ganizirani kuti khosi likhoza kukhala lathyoka. Gwirani mutu wake ndi manja awiri usagwedezeke, ndipo pomunyamula mukhale ambiri thupi lonse liyende ngati thabwa limodzi. Koma ngati sakupuma, mpweya ndiye woyamba.

Step 8: Magazi

Bala la pulopela, la botolo losweka kapena la mwala, valani magolovesi, ikani gozi kapena chitenje chopinda pabalapo ndipo dinikizani mwamphamvu mphindi 10 osasuzumira. Kusuzumira kuja kuti tione ngati asiya ndi kumene kumayambitsanso magazi. Nsalu ikanyowa ikani ina pamwamba n'kupitiriza, kenako kulungani bandeji mothina. Mugonekeni ndi kumufunditsa.

Ngati magazi akuthovoka pamkono kapena pamwendo ndipo kudinikiza kwalephera, pindani chitenje chikhale chotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi, mangani masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala koma osati pabondo kapena pachigongono, lowetsani kamtengo kolimba pamfundo n'kupotokola mpaka magazi asiye, kamangeni kasabwerere. Zimapweteka kwambiri, adzakutukwanani, musamasule. Lembani nthawi imene mwamanga ndipo mukauze achipatala. Waya kapena chingwe chopyapyala ayi, chimadula mnofu.

Mbedza ikalowa mpaka kadzino kake kabisika musaikoke chobwerera, dulani ulusi, iphimbeni kuti isagwedezeke akaichotse kuchipatala, ndipo ikakhala pafupi ndi diso musaikhudze n'komwe. Bala lililonse lakuya mukafunse za jakisoni wa kafumbata. Amene mumakwera boti pa Shire ku Liwonde, manja ndi miyendo zikhale m'kati, kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo bala la ng'ona olo lioneke laling'ono limafunika chipatala chifukwa limaola msanga.

Step 9: Dzuwa, kuzizidwa ndi kupsa

October ndi November pamadzi dzuwa limakuotchani kawiri, lochokera kumwamba ndi lobwerera pamadzi. Munthu akayamba mutu, chizungulire, nseru ndi thukuta lambiri, muikeni pamthunzi wa chitenje, mumuthire madzi, amwe Thanzi pang'onopang'ono, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Ikasowa, lita imodzi ya madzi, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka thupi lili moto, muziziritseni ndi madzi ambiri mukuthamangira kuchipatala, ndipo wokomoka osamumwetsa kanthu.

Kuzizidwa anthu amakuderera poti kuno n'kotentha, koma mwana wonyowa atakhala pamphepo ya July kwa ola amanjenjemera mpaka kulephera kulankhula. Zovala zouma, bulangete, mutu ufundidwe, tiyi wotentha wa shuga ngati ali maso. Mowa ayi, umangomunamiza kuti wafunda pomwe thupi likutaya kutentha.

Wapsa ndi injini kapena mbaula, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, vulani mphete ndi wotchi pasanatupe, phimbani ndi gozi kapena pulasitiki yoyera. Matuza osaboola.

Step 10: Yeserani tsiku kuli bata

Ulendo wotsatira mukangochoka pagombe ponyani chigubu m'madzi n'kukuwa kuti wagwa munthu, muone kuti zikutengerani mphindi zingati kuti muchitole injini itazima. Ife ulendo woyamba woloza anatembenuka kuti ajambule vidiyo chigubu n'kusowa, woponya chingwe anachiponya chonse osagwira mbali inayo. Tinaseka, koma tinabwereza katatu mpaka zinayenda. Yeseraninso kukokera munthu wamkulu m'boti pamadzi ofika m'chifuwa, mudzadabwa kulemera kwake munthu wonyowa.

Zolakwika zimene anthu amabwerezabwereza

Kufinya pamimba kapena kumuzondotsa kuti madzi atuluke. Ichi ndiye chofala kwambiri m'magombe mwathu ndipo chimapha, chifukwa zimene zimatuluka ndi za m'mimba, zimakalowa m'mapapo, komanso mphindi zomwe akanalandira mpweya zapita.

Kumuthamangitsira kuchipatala osayamba mwamuuzira mpweya. Ubongo ukakhala mphindi zochepa chabe wopanda mpweya umayamba kuonongeka, msewu wochoka ku Cape Maclear kukafika ku Monkey Bay sangaupirire. Yambani pomwepo, pitirizani m'galimoto.

Kuopa kuuzira pakamwa poganiza za matenda. HIV sifala kudzera m'malovu, ndipo nthawi zambiri amene wagona pamenepoyo ndi m'bale wanu kapena mnzanu. Ngati mwalepheratu, bola kudinikiza chifuwa kusiyana n'kungoima, koma kwa womira mpweya ndiye mankhwala ake.

Kukhalira laifu jaketi kapena kuivula kuti chithunzi chioneke bwino. Boti likamagubuduka simupeza mpata woivala.

Kupaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta pabala la moto, ndi kuthira mchenga, dothi kapena petulo pabala. Zonsezi zimangowonjezera ntchito kwa anamwino amene akatsuke balalo.

Kuganiza kuti poti tonse tikumuona mwana ndiye kuti alipo akumuyang'anira. Tchulani dzina la munthu mmodzi wamkulu, wosamwa, wosagwira foni, ndipo akatopa apereke ntchitoyo kwa wina pomuuza pakamwa.

Kuunjikana mbali imodzi ya boti kukaona ngozi kapena kujambula, apa boti limapendekeka anthu ena n'kugweranso.

Kubwera ku ulendo n'kuliponya bokosi m'galimoto mpaka chaka chamawa. Mukafika kunyumba litseguleni, yanikani zonyowa, bwezeretsani gozi ndi Thanzi zomwe mwagwiritsa ntchito, onani madeti a mankhwala, ndipo mabatire a tochi muwachotse asachite dzimbiri m'katimo.